Mabuluku 11, koma ndinavala la bambo

Buluku langa linang'ambika pa chinkhoswe cha achimwene anga, anthu akuona.

Kunali ku Dedza, Loweruka lina mu Julayi, kukuzizira kolasa m'mafupa. Mwambowo unachitikira kwawo kwa alamu anga, mudzi woyandikana ndi wathu. Ine n'kuti nditangomaliza kumene ku yunivesite, ndiye ndinkafuna anthu aone kuti mwana wa aphunzitsi uja wabwerako kutauni. Ndinavala buluku lakuda lothina, lija lomata miyendo ngati sokosi, logula sabata yomweyo. Pagalasi linkandikhala bwino zedi. Koma pagalasi munthu umangoima chilili. Pa chinkhoswe mnyamata suima: umanyamula mabenchi, umatsitsa makireti a zakumwa, ndipo akuluakulu akakuitana umanjuta.

Malume atandikodola, ndinapita n'kunjuta pambali pawo mwaulemu wonse. Ndinangomva "pwee!" kumbuyoku, kenako kamphepo ka ku Dedza kaja kakulowa kumene sikayenera kulowa. Malume anamva. Anandiyang'ana n'kundinong'oneza kuti, "Mphwanga, dzuka pang'onopang'ono, umange jekete m'chiuno." Ndinatero, koma atsikana omwe ankasenda anyezi kuseri kwa nyumba anali ataona kale zonse. Mpaka lero ndikapita kumudziko, ena amandipatsa moni akubisa kuseka.

Ndinathamangira kunyumba. M'chikwama changa munali jinzi yong'ambika m'mawondo, zija timagula zili zong'amba kale, ndi kabudula wogonera. Amayi sanayankhule zambiri. Anatsegula sutikesi ya bambo n'kutulutsa buluku lotuwa ngati phulusa, losita bwino, lomwe ndinkaliona kuyambira ndili ku pulayimale. Linandikulira pang'ono m'chiuno, koma lamba anathandiza. Ndinabwerera kumwambo, ndinanjuta, ndinanyamula katundu, ndinavina mpaka dzuwa kulowa, buluku lili bwinobwino. Zithunzi zitatumizidwa pagulu la WhatsApp la banja lathu, ndinachita manyazi kuvomereza kuti tsikulo ndi limene ndinaoneka bwino kuposa masiku onse.

Usiku tikuotha moto, bambo anangonena mawu ochepa: "Iwe, buluku si lojambulitsa ayi. Ndi lokhalira pansi."

Kuwerenga zomwe ndinali nazo

Nditabwerera ku Lilongwe, m'kachipinda kanga ka lendi ku Area 25, ndinakhuthulira zovala zonse pabedi n'kuyamba kuwerenga. Mabuluku analipo 11. Majinzi ong'amba m'mawondo analipo 4. Othina 2, kuphatikizapo lija la ku Dedza. Lofiira limodzi, lomwe ndinagula chifukwa woimba wina anavala lotere mu vidiyo. Loyera limodzi, lomwe ndinavala kamodzi kokha n'kukhalira mafuta mu minibasi. La mizeremizere limodzi, lomwe silinkagwirizana ndi shati iliyonse m'nyumbamo. Awiri otsalawo anali atadikira telala chaka chathunthu, lina lakufa zipi, lina lalitali mokwekwereza pansi.

Pa onsewo panalibe ngakhale limodzi loti ndingalowe nalo mu intaviyu, kupita nalo kumaliro, kapena kukaonekera nalo kwa makolo a mtsikana. Pomwe bambo, omwe aphunzitsa ku pulayimale moyo wawo wonse, mabuluku aulemu ali nawo 3 basi, ndipo sindinawamvepo m'mawa akudandaula kuti alibe chovala.

Ntchito yanga ndi yolembera makampani nkhani za pa intaneti. Patapita miyezi ingapo, ndikufufuza zoti ndilembere kasitomala wina wogulitsa zovala, ndinakumana ndi mawu oti capsule wardrobe. Tanthauzo lake ndi kukhala ndi zovala zochepa, zosankha bwino, zoti chilichonse chizigwirizana ndi chinzake. Mawuwa anawatchukitsa ndi mayi wina wa ku London, Susie Faux, yemwe anali ndi sitolo yotchedwa Wardrobe m'zaka za m'ma 1970. Mu 1985 Donna Karan wa ku New York anatulutsa zovala 7 zokha zoti amayi apantchito azisinthanitsa. Ndinaseka ndekha. Eti anzathuwa anachita kuchipatsa dzina chinthu chomwe chakhala mu sutikesi ya bambo zaka zonsezi. Kungoti ambirife timakhala ndi zochepa chifukwa thumba ndi loperewera, osati chifukwa tasankha. Ndiye ndinadzifunsa: ngati ndalama yake ndi yochepa kale, ndikuitayiranji pa mabuluku oti sandiperekeza kulikonse?

Sindinathamangire kumsika. Ndinatenga pepala n'kulemba malo onse omwe miyendo yanga imafika pamwezi: kuofesi ndi kwa makasitomala, kutchalitchi, kumaliro, kumaukwati ndi kuzinkhoswe, kokaonera mpira ndi anzanga, komanso kumudzi. Ndinalembanso zomwe ndimakwera: minibasi, momwe timapanikizana mawondo atagunda mpando wakutsogolo, ndi kabaza. Pepalalo ndi limene linandiuza kuti mabuluku 4 andikwanira.

Anayi akewo ndi awa

Loyamba ndi laulemu, lotuwa moderako. Ambirife tikamva zoti buluku laulemu timathamangira lakuda. Inenso ndinali choncho. Koma lakuda silisunga chinsinsi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ukangoyenda kuchoka pasiteji kukafika kuofesi, kumapazi kumakhala kutafiira ndi fumbi. Kaulusi kalikonse ka bulangete kamaonekera patali. Lotuwa moderako limabisa zambiri mwa izi, limalola nsapato zakuda ngakhalenso zabulawuni, ndipo limayenda ndi shati yoyera, yabuluu, yapinki, ngakhale yosoka ndi chitenje. Ngati lotuwa silikusangalatsani, la buluu woderako uja timati nevi limagwira ntchito yomweyo. Limeneli ndi la intaviyu, tchalitchi, maliro ndi ukwati.

Lachiwiri ndi la khaki, aja ambiri amati machino. Mawu oti khaki anachokera ku India ndipo amatanthauza mtundu wa fumbi. Asilikali a Britain kumeneko anayamba kuvala nsalu yamtunduwu m'zaka za m'ma 1840 kuti asamaonekere patali. Kunena kwina, ndi buluku lobadwira m'fumbi, loyenera misewu yathu. Ine ndinasankha khaki woderako, osati woyererako uja, chifukwa woyererayo amagwira dothi lililonse la pampando wa minibasi. Anzanga ena amakana khaki, amvekere ndi wa yunifolomu ya kusukulu kapena ya alonda. Zoona, nsalu yake ndi yofanana, koma chimasiyanitsa ndi kasokedwe. Likakukhala bwino, Lolemba umapisira shati n'kulowa nalo mu ofesi, Loweruka umavalira tisheti n'kupita nalo ku Bingu Stadium.

Lachitatu ndi jinzi ya buluu woderako, yosang'amba, yopanda zolembalemba m'matumba, ya miyendo yowongoka. Jinzi inapangidwira anthu a ntchito zamanja. Mu 1873 Levi Strauss ndi telala wina dzina lake Jacob Davis analembetsa ku America njira yokhomera timisomali ta mkuwa m'makona a matumba kuti asamathothoke, ndipo mpaka lero timisomalito mumationa. Jinzi yoderako yopanda zokongoletsa imalowa mu ofesi Lachisanu, ndipo ukaivalira jekete imafika ndi kuphwando la ukwati madzulo. Yong'amba ija malire ake ndi pa bala. Koma jinzi ili ndi zovuta ziwiri. Ikakhala yatsopano imachucha utoto, ndiye muziichapa payokha. Komanso mu Januwale, mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, imatha masiku awiri pachingwe isanaume. N'chifukwa chake munthu sungadalire majinzi okhaokha.

Lachinayi ndi la nsalu ya thonje yopepuka, lobiriwira moderako. Ndi la mu Okutobala, la ulendo wa ku Salima, komanso la kumudzi, komwe mnyamata sungakane kukweza matumba a chimanga pangolo ati chifukwa wavala bwino. Lachinayili ndi limene aliyense ayenera kusankha molingana ndi moyo wake. Wogwira ntchito kubanki angafune laulemu lachiwiri. Wa ku Mzuzu angafune lansalu yokhuthala yoti imuteteze mu Juni. Wa ku Nsanje mwina angasiye jinzi n'kutenga opepuka awiri.

Mwina mukuti 4 ndi ochepa, anthu azikuona ngati ulibe zovala. Tiyeni tiwerengere. Mabuluku 4 ndi mashati 6 ogwirizana nawo onse amakupatsa mavalidwe 24 osiyana, pomwe masiku antchito pamwezi, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, sapitirira 23. Ndipo chomwe ndaona n'chakuti anthu amakumbukira buluku lofiira, osati lotuwa. Lofiira lija nditalivala kachiwiri, mnzanga wina anati, "Aise, lomwe lija?" Lotuwali ndalivala kosawerengeka, palibe ananenapo kanthu.

Yesani monjuta

Mtundu ndi nsalu zikhoza kukhala zabwino, koma ngati buluku silikukukwana, mwataya ndalama. Apa ndi pamene ndinkalakwitsa kwambiri, chifukwa ndinkakhulupirira nambala ya pa lebulo. Mukaona W32 L32, ndiye kuti m'chiuno ndi mainchesi 32 ndipo kutalika kwa mwendo, kuyeza cham'kati, ndi mainchesi 32. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Mabuluku ambiri a ku Ulaya amalemba manambala ena, moti 48 wawo amayandikira W32. Tsono kaunjika amachokera m'mayiko osiyanasiyana, wachapidwa kambirimbiri, ndipo wina anabwezedwapo kale ndi telala wakwawoko. Lebulo imanama.

Palinso njira ija ya pamsika yozunguliza chiuno cha buluku m'khosi. Imathandiza pang'ono kudziwa za m'chiuno, koma khosi silidziwa kukula kwa ntchafu zanu. Buluku la ku Dedza lija m'khosi linakwana bwinobwino.

Chomwe ndinachita n'chosavuta. Ndisanabweze buluku la bambo, ndinaliyala pabedi n'kuliyeza ndi tepi malo asanu: m'chiuno, pantchafu, kuchokera pamphechepeche kufika pa batani, kuchokera pamphechepeche kufika kumapazi, ndi kukula kwa mwendo kumapeto. M'chiuno ndinachotserako pang'ono poti munkandikulira. Manambalawo ali mufoni mwanga, ndipo tepi imakhala m'chikwama. Inunso tengani buluku lomwe limakukhalani bwino kuposa onse, muchite chimodzimodzi.

Pakakhala poyesera, osangoima n'kudziyang'ana. Buluku lizikhala m'chiuno popanda lamba, koma zala ziwiri zizilowa. Matumba a m'mbali akamayasama, ndiye kuti lathina m'matako. Pantchafu muzitha kutsina nsalu pang'ono osatsina thupi. Kenako ikani foni m'thumba n'kukhala pansi. Kwezani mwendo ngati mukukwera kabaza. Pomaliza njutani, ngati mukupereka moni kwa apongozi. Mukamva ulusi ukulira, livuleni, ngakhale litakongola chotani. Kutalika kwake, lizingogunda pamwamba pa nsapato n'kupindika kamodzi, osati kusesa matope.

Pa kakulidwe ka miyendo, ndinaphunzira kusathamangira fashoni. Bambo amakamba za mabuluku otambalala kumapazi aja a m'ma 1970, omwe boma la Kamuzu Banda linafika powaletsa, m'nthawi yomwe amayi sankaloledwa n'komwe kuvala buluku mpaka lamulo lake litachotsedwa mu 1993. Ife tikukula tinapeza achimwene athu akuvala mabuluku aakulu okhuthukira m'matako. Kenako kunabwera othina aja. Pano otakasuka abwereranso. M'zaka zonsezi, buluku la miyendo yowongoka, losathina komanso losakula mopitirira, silinachititsepo munthu manyazi pachithunzi chakale.

Pa kaunjika ndi kwa telala

Atatu mwa mabuluku anga 4 ndi a pa kaunjika, ndipo sindibisa. Kaya ndi ku Tsoka kuno ku Lilongwe, kaya ndi ku Limbe, abwino amatha m'mawa belo likangotsegulidwa. Musagule kukuda, chifukwa pa nyali ya madzulo nevi ndi lakuda zimaoneka chimodzimodzi ndipo dontho la mafuta silioneka. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikalipeza londisangalatsa, ndimalitembenuza. Ndimayang'anitsa pakati pa ntchafu ndikuloza kudzuwa, poti ndi pamene nsalu imayambira kutha. Kuwala kukamadutsa, latsala miyezi yochepa. Zipi ndimaikweza n'kuitsitsa katatu. Ndimapisa manja m'matumba onse. Ndimaona kumapazi ngati sikunanyenyeke, ndi m'mawondo ngati simunatukumuke. Wogulitsa amakhala akuti, "Bigi, limeneli ndi lanu, limangodikira inuyo." Ndimaseka naye, koma tepi ndimatulutsabe.

Kalebulo kam'kati kolemba za nsalu n'kofunika kuposa dzina la kampani. Thonje limapitisa mphepo ndipo limamwa thukuta, koma limakwinyika. Polyester yekhayekha sakwinyika ndipo amauma msanga, koma mu Okutobala umakhala ngati wavala jumbo. Pa buluku laulemu, polyester wosakaniza ndi viscose kapena ndi ubweya wa nkhosa amakhala bwinoko. Mukaona elastane, ndi ulusi wotamuka ngati mphira. Akakhala wochepa, monga 2 peresenti, amathandiza ponjuta. Koma amafa ndi kutentha, ndipo pa kaunjika mumapezeka majinzi ambiri oti mphirayo inatha kale, mawondo ali lende.

Ndikagula, ndimapita nalo kwa telala wanga, bambo wachikulire wosokera pakhonde la golosale kwathuko. Tsiku loyamba ndinamupititsira othina aja kuti awakulitse. Anawatembenuza, n'kundibwezera. "Achimwene, chachikulu timachepetsa. Chaching'ono mankhwala ake tilibe." Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kuti pogula uziyang'ana ntchafu ndi matako, poti zinazo zimakonzeka. Kufupikitsa miyendo n'kosavuta. Kuchepetsa miyendo kuyambira m'mawondo kupita kumapazi n'kosavutanso. M'chiuno amabweza, koma mukapitirira mainchesi 2 matumba akumbuyo amayamba kuyandikana ndipo buluku limaoneka lopotoka. Mabuluku aulemu ambiri amakhala ndi nsalu yotsalira pamsoko wakumbuyo yoti n'kukulitsirako pang'ono, pomwe majinzi alibe. Koma buluku lalifupi kuchokera pamphechepeche kufika m'chiuno, lija limakukoka ukakhala pansi, palibe telala angalichiritse. Popita kokafupikitsa, valani nsapato zomwe muzidzalivalira. Ndipo ndalama ya telala muziiwerengera pamtengo wa buluku musanagule.

Kuti akhalitse

Ukakhala ndi mabuluku ochepa, umawasamala ngati mbuzi zoyamba m'khola. Ndimawachapa nditawatembenuza, m'madzi ozizira, ndipo sindiwanyika usiku wonse mu sopo waufa. Ndimayanika pamthunzi, chifukwa dzuwa lathuli limasulutsa nevi mwezi usanathe n'kumuonetsa ngati wakale. Laulemu sindilichapa nthawi iliyonse ndikavala. Ndimalikutumula fumbi n'kulipachika kuti lipitidwe mphepo. Posita ndimayala kansalu konyowa pamwamba, apo ayi simbi imasiya kunyezimira kuja komwe sikuchokanso. Poti magetsi sapangana nawo, ndimasita onse Lamlungu akayaka n'kuwapachika. Ngati mukugwiritsa ntchito simbi yamakala, chenjerani ndi polyester, kakhala kamodzi kokha kamaboola. Ndipo palibe buluku lomwe ndimavala masiku awiri otsatizana. Nalonso limafuna kupuma.

Za ndalama tisanamizane. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale kaunjika anasiya kukhala wotolatola. Ine sindinagule onse 4 tsiku limodzi. Ndinkagula limodzi pakatha miyezi iwiri, kuyambira ndi laulemu. Chomwe chinandithandiza ndi kuwerengera mtengo wa tsiku lililonse lomwe ndalivala. Tiyerekeze kuti lofiira mwagula K12,000 n'kulivala katatu kokha: tsiku lililonse lakudyerani K4,000. Lotuwa mwagula K30,000 pamodzi ndi telala, n'kumalivala kawiri pasabata chaka chonse, pafupifupi maulendo 100: tsiku lililonse ndi K300. Lotchipa ndi liti pamenepa?

Akale aja ndinagawa. Majinzi anatenga asuweni anga, loyera ndinapatsa mnyamata wa kwaya, lofiira mpaka pano sindidziwa amene analitola pachingwe, ndipo sindinamufunefune.

Phindu lenileni la zonsezi ndinaliona m'bandakucha wina mu Marichi, foni italira. Anali amayi: agogo atisiya. Pa nthawi ngati imeneyo mutu sugwira. Ndinangotsegula chitseko cha kabati, kuvala lobiriwira, kupinda lotuwa n'kuika m'chikwama, ulendo wa kudepoti. Sindinaime pagalasi, sindinaimbire mnzanga aliyense kubwereka chovala. Kumudzi ndinawaza nkhuni, ndinachezera pamoto usiku wonse, ndipo m'mawa mwake ndinavala lotuwa n'kunyamula nawo bokosi mpaka kumanda. Masiku onsewo sindinaganizepo za buluku ngakhale kamodzi. Maganizo anga onse anali pa agogo, ndi pa amayi omwe anafunika wowagwira mkono.

Anthu atabalalika, tsiku loti ndibwerere kutauni, bambo anandiitana pakhonde. Anagwira nsalu ya buluku langa pabondo n'kuifikisa ndi zala, monga amachitira akamaona ngati chimanga chauma.

"Wagula kuti?"

"Pa kaunjika, bambo. Kenako kwa telala."

"Tanjuta tione."

Ndinanjuta. Tonse tinatchera khutu. Kunali zii, kupatula nkhuku zomwe zinkapalasa kuseri kwa nkhokwe.

"Eya," anatero bambo, akumwetulira koyamba sabata imeneyo. "Tsopano langa lija lipume."